Mlendo ndi Mame

Makolo athu ponena kuti mlendo ndi mame ankalangiza mwini khomo. Mame sakhalitsa; dzuwa likangoti tenthe pang'ono, udzu wauma. Nayenso mlendo masiku ake ndi owerengeka, choncho usamuwerengere mitanda ya nsima, usamuonetse nkhope yamakwinya, mgwirire nkhuku ngakhale ili yomwe unkasungira Khirisimasi. Nthutumba ndi yake. Mawa apita, ndipo chimene akanene kwawo ndi chimene wachipeza m'mbale mwako. Mwambiwu unabadwira m'dziko la njira za miyendo, kumene mlendo wa lero ndi amene adzakulandire chaka chamawa ukadzapita kwawoko kumaliro kapena kukasuma chimanga.

Mwambiwu umandibwerera ndikaganiza za mzinda wa Venice ku Italy, chifukwa kumeneko mfundo yomweyo, yoti mlendo sachedwa kuchoka, anthu ena anaimva mwa mtundu wina. Kwa iwo, munthu amene apita mawa ndipo sadzabweranso ndi munthu woti ungamuchite chilichonse.

Mu Januwale 2018 kunamveka nkhani ya ophunzira anayi a ku Japan amene ankachita maphunziro ku Bologna ndipo anapita kukacheza ku Venice. Analowa mu lesitilanti ina pafupi ndi bwalo la San Marco, naitanitsa nyama yowotcha, nsomba zokazinga ndi madzi akumwa. Bilu inabwera ya mayuro 1,100. Pa mtengo wa kubanki wa kumapeto kwa 2025, ndalama imeneyo inali yopitirira K2 miliyoni. Analipira, koma atabwerera ku Bologna anakadandaula kupolisi. Nkhani inamveka m'manyuzipepala a maiko ambiri, meya wa mzindawo, a Luigi Brugnaro, analonjeza kuti ifufuzidwa, ndipo lesitilantiyo inalipitsidwa chindapusa.

Zotere sizichitika tsiku ndi tsiku, ndipo kungakhale kuwalakwira anthu a ku Venice kuwaveka onse mlandu wa nyumba imodzi. Amene anaibweretsa poyera nkhaniyi anali nzika za mzinda womwewo, zimene zinaona kuti dzina la kwawo likunyozeka. Komabe muzu wa chinyengocho ndi wamba, ndipo umapezeka paliponse pamene alendo amachuluka kuposa eni dera. Wophika amene akudziwa kuti wodya uja abweranso Lachitatu, ndiponso sabata yamawa, ndiponso ndi mlamu wake, amaopa mbale yake. Ndiwo zikaperewera mchere amva. Akakweza mtengo popanda chifukwa, mpando ukhala wopanda munthu. Koma pakhomo pamene pamadutsa chigulu cha anthu atsopano m'mawa uliwonse, mantha amenewa amatha. Amene wakhumudwa lero akwera sitima madzulo. Mawa kutsika ena amene sanamvepo kalikonse. Chimene chimasunga mtengo ndi kukoma kwa chakudya m'malo mwake si mtima wabwino wa mwini lesitilanti wokha. Ndi nkhope zimene azionanso.

Tisanafulumire kuweruza, tiyenera kuvomereza kuti ku Venice chakudya sichingatchipe ngakhale mwini malo atakhala woopa Mulungu chotani. Mzindawu unamangidwa pa tizilumba toposa 100 pakati pa madzi, ndipo timalumikizidwa ndi milatho yoposa 400. Mkati mwake mulibe galimoto. Thumba la ufa, kireti ya zakumwa, botolo la mafuta ophikira, zonse zimabwera pa boti, n'kutsitsidwa m'mbali mwa ngalande, kenako munthu amazikweza pa kangolo n'kumakakankha pokwera ndi potsika masitepe a milatho mpaka pakhomo la khitchini. Zinyalala nazo zimatuluka mwa njira yomweyo. Pa 12 Novembala 2019 madzi a m'nyanja anakwera masentimita 187, ndipo m'mbiri yolembedwa ndi chigumula cha 1966 chokha chimene chinaposa pamenepo. Madzi amchere analowa m'makhitchini, mafiriji ndi mauvuni zinawonongeka, ndipo miyezi yowerengeka chabe pambuyo pake mliri wa korona unatseka zitseko zonse. Lendi ya malo oyandikana ndi San Marco kapena mlatho wa Rialto ndi yoopsa. Ambiri mwa operekera zakudya ndi otsuka mbale sakhala m'katimo. Amagona ku Mestre ndi ku Marghera, kumtunda, ndipo amawoloka mlatho wa makilomita pafupifupi 4 pobwera ndi pobwerera. Ena mwa iwo ndi ochokera ku Bangladesh ndi maiko ena, alendonso mwa njira yawo. Zonsezi zili m'kati mwa mtengo wa mbale ya pasta, ndipo wodya amene amadziwa zimenezi sakwiya ndi mtengo uliwonse wokwera umene wauona.

Pali kudula kumene ine sindikuona cholakwa. Pabwalo la San Marco pali Caffè Florian, malo omwera khofi amene anatsegulidwa mu 1720 ndipo akugulitsabe. Ukakhala pa tebulo lapanja oimba akuimba, kapu ya khofi imadula kangapo kuposa mmene imagulidwira m'tinjira takuseri, ndipo pabilu amawonjezerapo ndalama yapadera ya nyimbo. Koma zonsezo zinalembedwa, ndipo munthu amaziona asanakhale pansi. Amene wasankha kukhala akudziwa kuti khofi ndi mbali yaing'ono ya chimene akugula. Akugula mpando, ola lathunthu loyang'ana tchalitchi cha San Marco popanda womuthamangitsa, nyimbo, ndi nyumba imene yaima zaka 300. Wina anganene kuti n'kuwononga ndalama, wina n'kunena kuti ndi tsiku limene adzalikumbukire mpaka kukalamba. Onse awiri ali ndi ufulu, chifukwa palibe amene wabisiridwa kanthu. Mlandu umayambira pamene mtengo wabisika, kapena pamene mtengo wa phwando waikidwa pa chakudya chimene changotenthetsedwa kuchokera mufiriji.

Njira zobisira zilipo, ndipo zambiri zimatsamira pa zinthu zololedwa. M'malesitilanti ambiri a ku Italy muli ndalama yotchedwa coperto, imene munthu aliyense amalipira chifukwa chokhala pa tebulo loyalidwa, nthawi zambiri pamodzi ndi buledi. Kawirikawiri imakhala mayuro awiri kapena atatu pamunthu, ndipo imayenera kulembedwa pa menyu, koma ena amailemba m'munsi ndi tizilembo tofuna magalasi. Malo ena amawonjezera servizio, gawo la bilu lolipirira ntchito ya operekera. Madzi amabwera a m'botolo, ogulitsa. Ndiye pali nsomba, pamene alendo ambiri amagwera. Nsomba yaiwisi yabwino imagulitsidwa potengera kulemera kwake, ndipo mtengo wolembedwa umakhala wa etto, kutanthauza magalamu 100 okha. Munthu akaona nambala 8 pambali pa dzina la nsomba amayesa ndiwo mtengo wa mbale yonse, pamene nsomba ya kilogalamu imodzi ikhala mayuro 80. Mwini malo wachilungamo amabwera nayo patebulo isanaphikidwe, kukuuza kulemera kwake, iwe n'kuvomera kapena kukana. Wosakhulupirika amangoti lero kuli nsomba yabwino kwambiri, akusankhirani yekha, n'kuthamangira kukhitchini.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Vuto lathu n'lakuti tinaleredwa kuti mlendo safunsa za chakudya. Ukafika pakhomo pa eni, umasamba m'manja, n'kulandira chimene chabwera, n'kuthokoza. Kufunsa kuti ndiwo zimenezi zagulidwa ndalama zingati kungakhale chipongwe chosaneneka. Ulemu umenewu timapita nawo kunja, ndipo timalowa nawo mu lesitilanti, m'mene munthu wovala malaya oyera watilandira ndi nsangala, watikokera mpando, watipatsa buledi tisanapemphe. Mtima umati tafika pa anthu abwino, tisawachititse manyazi. Pamwamba pa apo pali mantha ena amene munthu wakuda woyenda ku Ulaya amawadziwa, oti akafunsa mtengo aoneka ngati alibe ndalama, ndipo atsimikizira zimene ena amaganiza kale za iye. Choncho amakhala chete, n'kudzadzidzimuka bilu itafika. Koma mu lesitilanti muli malonda, ndipo pamalonda kufunsa ndi khalidwe labwino. Mtaliyana weniweni amafunsa kulemera kwa nsomba, amawerenga bilu mzere ndi mzere, ndipo amatenga lisiti lake, limene lamulo la dzikolo limakakamiza wogulitsa kupereka. Palibe amene amamuona ngati wosauka chifukwa cha zimenezo.

Nkhani ya tipu nayo imasokoneza, chifukwa dziko lililonse lili ndi mwambo wake. Ku Italy si yokakamiza; ambiri amangosiya timakobiri kapena kukwaniritsa bilu pa nambala yozungulira. Ku America zinthu n'zina: lamulo la boma lalikulu limalola kuti woperekera zakudya alipidwe madola 2.13 okha pa ola, ndalama imene sinasinthe kuyambira 1991, poyembekezera kuti zotsalazo zichokera kwa odya, ndiye amene sasiya tipu wamudyera thukuta munthu. Ku London malo ambiri amaikiratu 12.5 peresenti pabilu, ndipo kuyambira Okutobala 2024 lamulo likuti ndalamayo yonse izipita kwa antchito. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kumene 10 peresenti ndiyo poyambira, amene wakubweretsera mbale akhoza kukhala mnyamata wa ku Mzimba kapena wa ku Mangochi amene akudalira ndalama yomweyo kuti atumize fizi kumudzi. Ndimaona kuti woyenda akafuna kusunga ndalama, asayambire pamenepa. Angachepetse vinyo, angasiye zotsekemera zapamapeto, koma asadule gawo la munthu amene waima tsiku lonse.

Amalawi amene amafika ku Italy si alendo a matumba olemera kawirikawiri. Ndi ansembe ndi masisitere ophunzira ku Rome, Akhristu a paulendo wa chipembedzo monga amene anapita m'chaka cha Jubile cha 2025, ogwira ntchito m'boma opita kumisonkhano ya FAO, WFP ndi IFAD, mabungwe a chakudya ndi ulimi amene malikulu awo ali mumzinda womwewo. Ena mwa iwo amapatula tsiku limodzi kukwera sitima kukaona mzinda wa pamadzi. Yuro iliyonse imene ili m'thumba mwawo anaipeza movutikira, makamaka chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndiponso pamene ndalama zakunja zimasowa m'mabanki. N'chifukwa chake akatsegula menyu, mutu umayamba wokha kuchulukitsa. Mbale ya mayuro 18 imasanduka makwacha 36,000, ndipo njala imathawa.

Kuchulukitsa kumeneku kuli ndi ntchito yake, chifukwa kumakumbutsa munthu za ana amene wawasiya kunyumba. Koma sikungamuuze ngati akuberedwa kapena ayi. Mukachulukitsa ndi kwacha, zonse ku Ulaya zimaoneka zakuba, khofi wachilungamo ndi nsomba yachinyengo chimodzimodzi, ndipo munthu amalephera kusiyanitsa. Amathera mu lesitilanti imene yaika zithunzi za zakudya pakhomo, menyu m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi, ndi mnyamata woitanira odutsa, chifukwa chikwangwani chikulonjeza mbale zitatu pa mtengo umodzi wotsika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso lothandiza ndi lina: kodi woyendetsa boti wa mumzinda muno, kapena namwino wa pachipatala chawo, angalipire ndalama imeneyi pa mbale imeneyi, n'kubweranso mawa? Yankho likakhala inde, mtengowo ndi woona ngakhale ukupweteka.

Wina angati bwanji osangotenga kamba, buledi ndi chitini cha nsomba kuchokera mu shopu, n'kudyera panja. M'mizinda yambiri zimenezo n'zotheka. Ku Venice malamulo amaletsa kukhala pansi kapena pa masitepe n'kumadya pabwalo la San Marco ndi pamalo ena otchuka. Mu Julaye 2019 alendo awiri a ku Germany anayatsa kambaula kawo m'munsi mwa mlatho wa Rialto kuti aphike khofi. Analipitsidwa mayuro 950 n'kuuzidwa kuti atuluke mumzinda. Ndimamvetsa kutopa kwa eni mzinda, amene tinjira tawo n'topapatiza ndipo amafuna kudutsa popita kuntchito. Komanso ndimaona kuti lamulo lotere limagwera kwambiri wosauka, chifukwa wolemera mpando wake ndi wogula kale. Chabwino chimodzi n'chakuti m'mabwalo ambiri a mzindawo muli mipope ya madzi abwino akumwa, aulere, ndipo wonyamula botolo lake sagula madzi.

Nanga eni mzinda amadyera kuti? Ambiri akafuna kulawa kanthu amalowa m'timalo tating'ono totchedwa bacari, tobisika m'tinjira ta Cannaregio, Castello, Dorsoduro ndi kuseri kwa msika wa Rialto. Ife tingati ndi chiimilire: mipando ndi yochepa, anthu amadya ali chilili, chigongono pa kauntala, ndipo amadziwana maina. Ku Italy konse, khofi womwera pa kauntala amakhala ndi mtengo wotsika kuposa womwera patebulo, kawirikawiri yuro imodzi ndi timakobiri, ndipo mitengo yonse iwiri imapachikidwa pakhoma. Mu bacari mumagulitsidwa cicchetti, tizakudya ta m'manja ta mayuro awiri kapena atatu kamodzi, ndi kagalasi ka vinyo kotchedwa ombra. Munthu amaloza chimene akuchiona ndi maso ake m'kabati yagalasi, amamva mtengo pompo, n'kulipira pompo.

Tizakudyati tili ndi mbiri yakuya kuposa mbale zambiri zodula. Sarde in saor ndi tinsomba tokazinga tosungidwa mu anyezi wambiri ndi viniga, pamodzi ndi mphesa zouma. Chinali chakudya cha asodzi ndi amalinyero amene ankafuna ndiwo zoti zisawonongeke msanga panyanja, ndipo chimakoma kwambiri chikagona tsiku limodzi kapena awiri. Baccalà mantecato ndi nsomba youma ya ku Norway, yoviikidwa m'madzi kwa masiku, yophikidwa, kenako yotakasidwa ndi mafuta mpaka itasalala, n'kupakidwa pa buledi kapena pa polenta, imene ndi ya ufa wa chimanga. Anthu a ku Venice amati nsombayi inafika kwawo kudzera mwa Pietro Querini, wamalonda amene chombo chake chinasweka, ndipo iye ndi anzake otsala anapulumukira pa chilumba cha Røst kumpoto kwa Norway mu 1432. Asodzi a kumeneko anawatola ali pafupi kufa, n'kuwasunga ndi kuwadyetsa miyezi itatu m'nyumba zawo. Chakudya chimene mzindawu umanyadira nacho lero chinayamba ndi anthu osauka amene analandira alendo osawadziwa, podziwa bwino lomwe kuti akadzachoka sadzawaonanso. Asodzi amenewo mwambi wathu anaumva mmene makolo ankaumvera.

Sindikunena kuti chotchipa ndiye chabwino nthawi zonse. Pali malesitilanti a mabanja ku Venice amene amagula nsomba m'mamawa pamsika, amaphika zimene nyanja yapereka tsikulo, ndipo bilu yake ndi yolemera. Munthu amene wasunga ndalama kuti adye kamodzi kokha chakudya chotero sanataye kanthu. Chizindikiro chake n'chimodzimodzi ndi cha bacari: menyu yaifupi, yosintha ndi nyengo, ndi matebulo angapo okhala anthu olankhula chinenero cha komweko, amene woperekera akuwapatsa moni ngati anansi. Msika wa nsomba wa Rialto sutsegulidwa Lamulungu ndi Lolemba, ndipo malo ambiri oterewa nawonso amapuma masiku omwewo. Amene akulonjeza nsomba ya lero Lolemba madzulo ayenera kufunsidwa kumene waitenga.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti odya obwerabwera aja akutha. Mu 1951 pakati pa mzinda wakalewo pankakhala anthu pafupifupi 175,000. Mu 2022 chiwerengero chinatsika kufika pansi pa 50,000. Pawindo la sitolo ina yamankhwala pafupi ndi Rialto pali chikwangwani cha magetsi chimene chimaonetsa nambala ya otsalawo, ndipo anthu amaima n'kumaiwerenga. Nyumba zimene munkakhala mabanja zasanduka zogonamo alendo a masiku awiri, chifukwa mwini nyumba amapeza zambiri kwa iwo kuposa kwa mphunzitsi wolipira lendi pamwezi. Achinyamata akakwatirana amasamukira ku Mestre. Banja lililonse likachoka, wogulitsa nsomba ku Rialto wataya kasitomala wophika kunyumba, wophika buledi wataya wogula wa m'mawa uliwonse, ndipo mwini bacari amayamba kuwerengera kuti kodi si bwino kungoika zithunzi pakhomo ndi kugulitsa pizza yotenthetsa kwa odutsa. Mabenchi a nsomba pamsikawo achepa poyerekeza ndi kale, ndipo ogulitsa otsala amadandaula kuti ambiri obwera amangojambula zithunzi osagula.

Apa m'pamene mlendo ayenera kudziyang'ana yekha. Mbale yabwino imene akuifunafuna pa mtengo woyenera imasungidwa ndi anthu amene kuchuluka kwa alendo kukuwathamangitsa. Alendo a ku Venice ndi mamiliyoni ambiri pachaka, ndipo ochuluka sagonako. Amafika m'mawa, amadzaza tinjira tochokera kusiteshoni kupita ku San Marco, n'kubwerera madzulo. Onse amamva njala pa ola limodzi, pamalo amodzi, ndipo malo oipa kwambiri odyera anamangidwira iwowo. Amene wapatuka mphindi 10 zokha kuchoka pa njira imeneyo, n'kukasiya mayuro ake kwa banja limene likuphikirabe anansi ake, wadya bwino ndiponso wathandiza kuti khomo limenelo lisatsekedwe chaka chino.

Akuluakulu a mzindawo ayesapo njira zawo. Kuyambira Ogasiti 2021 zombo zikuluzikulu za alendo zinaletsedwa kudutsa kutsogolo kwa San Marco. Pa 25 Epulo 2024 anayamba kulipitsa mayuro 5 kwa mlendo wosagona, pa masiku 29 osankhidwa a chaka chimenecho. Mu 2025 masikuwo anakhala 54, ndipo wochedwa kulembetsa ankalipira mayuro 10. Tsiku loyamba lenilenilo mu 2024 nzika zina zinachita zionetsero, zikunena kuti mzinda wawo si malo a masewera oloweramo ndi tikiti, ndipo chimene zikufuna ndi nyumba zoti anthu wamba angakwanitse kukhalamo. Ine ndili kumbali yawo. Ndalama ya pachipata imalowa m'thumba la khonsolo, koma siibweza banja ngakhale limodzi m'nyumba imene yasanduka yogona alendo.